Mmene mungalowere ntchito ya uphunzitsi ndi kafukufuku pa yunivesite: malangizo kwa ophunzira zachuma, ziwerengero ndi uinjiniya ku Blantyre

Ndikulembera inu achimwene ndi achemwali amene muli chaka chachitatu kapena chomaliza, komanso inu amene munatenga digiri kale ndipo muli pa ntchito kubanki, kukampani yomanga misewu kapena ku bungwe lina, koma mtima ukukukokeranibe ku kalasi ndi ku kafukufuku. Ambiri mwa inu mukandipeza, funso loyamba limakhala lakuti sikolashipu ipezeka kuti. Funsolo n'labwino, koma labwera msanga. Sikolashipu imapita kwa munthu amene ali kale ndi kanthu m'manja: funso limene wakhala akulisinkhasinkha, deta imene wayigwirapo, kapepala kamene walemba n'kumaliza. Zonsezi mungaziyambe muli konkuno ku Blantyre, musanakwere ndege ku Chileka.

Choyamba: pezani funso, ndipo likhale la pafupi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri amasokera. Wophunzira amatsegula intaneti, n'kupeza mutu umene wina analemba ku India kapena ku Kenya, n'kufufuta dzina la dzikolo, n'kuikapo Malawi. Ntchito yotere imadutsa mayeso, koma siikula, chifukwa mwiniwakeyo alibe nayo ludzu.

Yendani mumzinda muno maso ali tcheru. Ngati ndinu wa uinjiniya, madzi ambiri amene timamwa kuno amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, ndipo amakankhidwa ndi mapampu mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukwera chitunda. Magetsi oyendetsa mapampuwo ndi ndalama zambiri, ndiye dontho lililonse lotayika pa paipi yophulika ku Ndirande kapena ku Bangwe latayika litalipiridwa kale. Kodi amatayika angati, ndipo amatayikira pati? Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Nthaka ya m'mapiri athu imamwa madzi ochuluka bwanji isanatsetsereke? Ngalande za mumzinda zinakumbidwa poyembekezera mvula yochuluka bwanji? Awa ndi mafunso a injiniya, ndipo munthu wa ku London sangawayankhe bwino kuposa inu amene mumadutsa pamalopo tsiku ndi tsiku.

Wa zachuma, msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli mumzinda momwe muno, ndipo kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pamenepo inali NICO, mu 1996. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo ya katundu ku Limbe imatenga masabata angati kuti itsatire? Chiwongoladzanja cha mabanki chimatsika liwiro lomwelo limene chimakwerera pamene Reserve Bank yasintha chake? Nanga amayi a banki m'khonde, amene amabwereketsana popanda chikole, amatani kuti ngongole zibwezedwe? Funsani amene ali m'magulumo musanatsegule buku lililonse.

Wa ziwerengero ali ndi mwayi wina, chifukwa aliyense wochita kafukufuku amamufuna. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, imene inayamba mu 1995, ndipo pafupi pomwepo pali KUHeS, yunivesite ya zaumoyo. Kumeneko kumachitika kafukufuku wa malungo, chifuwa chachikulu, tayifodi ndi HIV, ndipo palibe kafukufuku wotere amene angayambe popanda munthu wowerengera kuti pafunika anthu angati ndi kuti zotsatira zake zikutanthauzanji.

Mukapeza funso, lichepetseni. "Mavuto a madzi mu Blantyre" si funso, ndi dandaulo. "Kodi mphamvu ya madzi m'mapaipi a dera limodzi imasintha bwanji usana ndi usiku, ndipo izi zikugwirizana bwanji ndi kuphulika kwa mapaipi" ndilo funso, chifukwa mukhoza kuliyankha m'miyezi isanu ndi umodzi. Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi, kenako mulifotokoze m'Chichewa kwa mayi anu kapena malume anu. Akalephera kumva, vuto si iwo, funsolo silinapse.

Chachiwiri: gwirani deta yeniyeni musanalembe pulopozo

Deta yambiri ya dziko lino ndi yaulere, kungoti ophunzira sauzidwa. National Statistical Office ya ku Zomba inachita kalembera wa anthu mu 2018, amene anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni. Imachitanso kafukufuku wa m'makomo wotchedwa Integrated Household Survey, ndipo wachisanu anachitika mu 2019 ndi 2020. Deta yake imapezeka pa tsamba la World Bank munthu akalembetsa. Palinso kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa Demographic and Health Survey wa 1992, 2000, 2004, 2010 ndi 2015-16. NSO yomweyo imatulutsa mwezi ndi mwezi chiwerengero cha kakweredwe ka mitengo, Reserve Bank imasindikiza malipoti a chuma, ndipo makampani amene ali pa msika wa masheya amalamulidwa kuonetsa poyera malipoti awo a pachaka. Za mvula, likulu la nthambi yoona zanyengo lili konkuno ku Blantyre, ndipo kalata yochokera kwa mkulu wa dipatimenti yanu ndiyo imatsegula chitseko.

Tsitsani deta imodzi ndipo muyese kubwereza tebulo limodzi la mu lipoti la boma. Limodzi lokha. Nambala zanu zikasiyana ndi zawo, mwayamba kuphunzira. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti simunagwiritse ntchito ma weight. M'kafukufuku wa m'makomo, nyumba sizisankhidwa ndi mwayi wofanana: amayamba asankha timadera, kenako nyumba m'timaderamo, ndipo madera ena amatengedwa mochuluka dala. Mukanyalanyaza zimenezi, avereji yanu imapotoka, ndipo mumaoneka ngati muli otsimikiza kwambiri kuposa mmene deta ikulolera. Ndaonapo ntchito zambiri za masitazi zikubwezedwa pa chifukwa chimenechi chokha.

A zachuma muli ndi misampha yanu. Makampani a pa msika wathu sakwana 20, ndipo masheya ena amatha masiku angapo osagulidwa kapena kugulitsidwa. Mtengo wosasuntha wotere sukutanthauza kuti sheyayo ilibe chiopsezo, ukungotanthauza kuti panalibe malonda. Njira zimene zinapangidwira msika wa New York kapena Johannesburg zikhoza kukunamizani pano. Ndiponso mukatenga ziwerengero za zaka makumi awiri n'kuziika mu modelo imodzi ngati kuti 2012 ndi 2023 sizinachitike, zimene mupeze sizifotokoza nyengo ina iliyonse. Dulani nthawiyo pamene chuma chinathyokera, kapena muonetse mu modelo kuti panali kusintha.

A uinjiniya, deta yanu nthawi zambiri mumaipanga nokha mu labu kapena ku saiti. Musanayeze chilichonse, fufuzani kuti chipangizocho chinayesedwa liti ngati chikuloza zoona. Lembani tsiku, nthawi, kutentha, ndi kumene mchenga kapena simenti inachokera. Ma cube a konkire amaphwanyidwa pa masiku 7 ndi 28, ndipo mukaphonya tsikulo chifukwa magetsi anazima, lembani zoona, musasinthe deti. Kabuku kanu ka mu labu ndi mboni yanu tsiku limene wina adzakayikire zimene munapeza.

Ndinganene za ine mwini. Pa kafukufuku wanga woyamba ndinasunga zonse pa laputopu imodzi ndi fulashi imodzi, zonse m'chikwama chimodzi. Chikwamacho chinabedwa mu minibasi, ndipo ntchito ya miyezi inayi inapita. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero ndimauza aliyense kuti asunge m'malo atatu: pa kompyuta, pa intaneti, ndi pa chipangizo china chimene chimagona nyumba ina.

Chachitatu: phunzirani chida chimodzi mpaka chizolowere m'manja

R ndi Python, mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira deta, ndi zaulere, ndipo zimayenda ngakhale pa laputopu yakale. Stata imakondedwa ndi a zachuma ndi a zaumoyo, koma laisensi yake ndi yogula ndi ndalama zakunja. MATLAB nayonso ndi yolipira, pamene Octave imachita zambiri zofanana nayo kwaulere. Sankhani chimodzi. Musadumphedumphe. Chofunika n'chakuti chilichonse chimene mwachita pa deta chilembedwe mu code, kuti chaka chamawa inuyo kapena munthu wina adzathe kuchibwereza. Excel ndi yabwino poyang'ana deta, koma sikumbuka chimene munafufuta Lachiwiri lapitalo. Onjezani Zotero yosungira zimene mwawerenga, ndipo ngati ntchito yanu ili ndi masamu ambiri, LaTeX yolembera.

Masamu enieniwo musawathawe. Amene akufuna PhD ya zachuma kapena ziwerengero adzakumana ndi calculus, linear algebra ndi probability pakhomo penipeni. Ngati munangodutsa mwamwayi chaka choyamba, bwererani ku mabuku amenewo tsopano, ola limodzi m'mawa uliwonse.

Chachinayi: pezani wokutsogolerani

Supavaiza wabwino amaposa dzina la yunivesite. Musasankhe potengera udindo wokha. Onani pa Google Scholar ngati munthuyo walembapo kanthu m'zaka zitatu zapitazi, ndipo funsani mwakachetechete ophunzira ake akale kuti amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza chaputala. Pulofesa wotchuka amene ali pa ulendo mwezi uliwonse akhoza kukusungani zaka, pamene lekichala wachinyamata amene wangobwera kumene ndi PhD ali ndi njala yofuna kulemba ndipo adzakhala nanu pansi.

Popita kwa iye musapite chimanjamanja. Werengani pepala lake limodzi, mubwere ndi tsamba limodzi lofotokoza funso lanu ndi deta imene muli nayo, ndipo munene kuti, "Adokotala, ndawerenga zimene munalemba, ndayesa kuchita zofanana ndi deta iyi, koma apa pandivuta." Munthu wotere sabwezedwa. Dziperekeni kuthandiza pa pulojekiti yake, ngakhale kulowetsa deta kapena kuyang'anira ophunzira mu labu. Koma kambiranani poyambirira penipeni za mayina amene adzalembedwe pa pepala likadzatuluka. Mwambo wathu umatiphunzitsa kusafunsa akuluakulu zinthu zotere, ndipo ine ndinakhalapo chete n'kuona ntchito imene ndinaikhetsera thukuta ikutuluka popanda dzina langa. Kufunsa mwaulemu si mwano.

Chachisanu: chilolezo

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha otenga nawo mbali musanafunse munthu funso ngakhale limodzi. Wa zaumoyo kuno ku Blantyre nthawi zambiri amadutsa ku COMREC, komiti yotere ya ku KUHeS, ndipo National Commission for Science and Technology (NCST) ili ndi makomiti a dziko lonse. Chilolezo sichiperekedwa ntchito itachitika kale, ndipo ma journal abwino salandira pepala lopanda nambala yake. Ikani miyezi ingapo ya zimenezi pa ndondomeko yanu. Mukapita m'dera, yambani mwaonekera kwa amfumu kapena atsogoleri a m'deralo, ndipo mukamaliza mubwerere kukawauza zimene mwapeza. Anthu a m'makwalala athu atopa ndi ofunsa mafunso amene sabweranso.

Chachisanu ndi chimodzi: masitazi, kuno kapena kunja

Kuti mulembedwe ngati lekichala pamafunika masitazi, ndipo kuti mukwere bwino pamafunika PhD. Ena amalowa ndi digiri yoyamba yokhoza bwino kwambiri ngati staff associate, n'kumaphunzira ali pa ntchito. Mukaona mwayi wotere munyuzipepala, lembani kalata ngakhale malipiro ake ali ochepa poyerekeza ndi a kubanki.

Kuno kwathu, MUBAS, imene inali Polytechnic kuyambira 1965 mpaka pamene inaima payokha mu 2021, ili ndi maphunziro apamwamba a uinjiniya ndi zamalonda pa Chichiri. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa masitazi a economics ndi biostatistics, ndipo MUST ili ku Thyolo, ulendo wosakwana tsiku. Musanalipire fizi kulikonse, makamaka ku sukulu zimene si zaboma, fufuzani ku National Council for Higher Education ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka. Ubwino wophunzira kuno ndi wakuti ntchito simusiya, banja lili pafupi, ndipo deta yanu ili pakhomo. Kuipa kwake ndi kwakuti ambiri amamaliza makalasi n'kukakamira pa thesis zaka zambiri, chifukwa ntchito, maliro, maukwati ndi tchalitchi zimadya Loweruka lililonse. Ngati mwasankha njira iyi, patulani maola enieni pa sabata ndipo muuze abale anu poyera kuti nthawi imeneyo simupezeka.

Zakunja nazi zimene ndikuzidziwa bwino. Chevening imalipira masitazi a chaka chimodzi ku Britain, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mumalonjeza kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Commonwealth ili ndi za masitazi ndi PhD. Beit Trust ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa kusiyana ndi zina. DAAD ndi ya ku Germany, Fulbright ya ku America. A masamu, ziwerengero ndi uinjiniya aganizire za AIMS, sukulu ya masamu imene inayamba ku Cape Town mu 2003 ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Maphunziro ake ndi othina, koma amalipira zonse, ndipo ambiri amachokera kumeneko kupita ku PhD. A zachuma adziwe za African Economic Research Consortium ya ku Nairobi, imene imathandiza masitazi ndi PhD m'mayunivesite a mu Africa muno.

Yambani kukonzekera chaka chathunthu nthawi isanakwane. Pasipoti, transcript ndi mayeso a Chingerezi a IELTS zimatenga nthawi ndi ndalama. Amene akukulemberani kalata yokuchitirani umboni apatseni mwezi wathunthu, pamodzi ndi CV yanu ndi pulopozo, kuti asalembe zongoti ndinu wakhalidwe labwino. M'kalata yanu yofotokoza cholinga musadzaze nkhani ya umphawi wa dziko lathu, owerengawo amaidziwa kale. Auzeni funso lanu, chimene mwachitapo kale, chimene mukusowa kuti mupitirire, ndi chifukwa chake mwasankha dipatimenti imeneyo osati ina. Apa ndi pamene kantchito kaja ka pa sitepe yachiwiri kamakuimirani. Akakukanani, konzani n'kutumizanso chaka chotsatira. Anzanga ambiri amene ali ndi PhD lero anakanidwapo koyamba.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani ndi kusindikiza

Pa yunivesite munthu amakwera kuchoka pa lekichala kufika pa senior lecturer, associate professor ndi pulofesa makamaka chifukwa cha zimene wasindikiza, kuphatikizapo kuphunzitsa ndi kutsogolera ophunzira. Thesis yongokhala pa shelefu mu laibulale siwerengedwa. Isandutseni pepala miyezi ingapo mutangomaliza, mutu usanazizire.

Chenjerani ndi ma journal achinyengo. Amakutumizirani imelo yokutamandani, amalonjeza kusindikiza m'sabata imodzi, n'kupempha madola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: palibe katswiri amene amaunika pepala lanu, ndipo komiti yokweza anthu pa ntchito ikhoza kulitaya, dzina lanu n'kudetsedwa. Onani ngati journal ili pa mindandanda ya ma journal odalirika monga Scopus, Web of Science, DOAJ kapena African Journals Online, ndipo funsani woyang'anira laibulale. Malawi Medical Journal imatuluka konkuno ndipo ndi yodziwika kunja, choncho wa ziwerengero za zaumoyo asaipeputse. Ma journal ambiri olipiritsa amachotsera kapena kukhululukira olemba ochokera m'mayiko ngati lathu, koma muyenera kupempha potumiza pepala, osati litalandiridwa kale.

Kuunika kwenikweni kumatenga miyezi, ndipo ndemanga zake zimaluma. Ziwerengeni, muzisiye masiku awiri, kenako muyankhe mfundo imodzi ndi imodzi mofatsa, kuonetsa pamene mwasintha ndi pamene simukugwirizana nazo ndi chifukwa chake. Tsegulani ORCID, nambala yozindikiritsa wochita kafukufuku, kuti ntchito zanu zisasokonezeke ndi za a Banda kapena a Phiri ena. Ndipo zotsatira zikatuluka zosiyana ndi zimene mumayembekezera, lembani zomwezo. Kusinthasintha modelo mpaka p-value itsike pansi pa 0.05, kuti zotsatira zioneke ngati sizinangochitika mwamwayi, ndi bodza, ngakhale palibe amene wakuonani. Wina adzamanga mlatho kapena kukonza ndondomeko ya ngongole potengera nambala zanuzo.

Za ndalama ndi ziphaso za ntchito

Ndisakubisireni: malipiro a lekichala wongoyamba safika pa a mnzanu amene wakwera kubanki kapena kukampani ya mafoni. Ambiri amathandizika ndi maganyu a ukatswiri, kuwerengera mabungwe deta kapena kujambula mapulani. Maganyuwa si oipa, amakuonetsani mavuto enieni ndipo amalipira fizi ya ana. Koma ndaona anthu aluso kwambiri akumira m'menemo, zaka khumi n'kudutsa osalemba pepala ngakhale limodzi. Landirani ganyu imene ingabale funso la kafukufuku, ndipo mupemphe m'pangano kuti mudzaloledwe kusindikiza zina mwa zotsatira zake.

Musasiye chiphaso cha ntchito yanu poti mwalowa m'kalasi. Injiniya alembetse ku Malawi Engineering Institution ndipo apeze nthawi ya ku saiti, chifukwa ophunzira amazindikira msanga mphunzitsi amene sanaimepo pamene akuthira konkire. Wa akaunti apitirize ndi ICAM kapena ACCA, wa zamasheya aganizire za chiphaso cha ukatswiri wa zachuma cha CFA. Mukadzafika popempha thandizo la ndalama za kafukufuku, yambani ndi zing'onozing'ono za pa yunivesite yanu kapena za NCST, ndipo muphunzire kulemba bajeti ndi kusunga malisiti onse. Pa bajetiyo siyani mpata wa kugwa kwa kwacha, makamaka ngati zipangizo za mu labu muzigula kunja, ndipo mufunse a ofesi ya zachuma ya pa yunivesite kuti kugula katundu kumatenga masabata angati musanalonjeze wopereka ndalamayo tsiku lomaliza ntchito.